A Ngolo ndi Makhadi Ofiira

Pafakitale yopanga mawilibala ija, dzina lawo lenileni linkadziwika ndi a kuofesi okha. Ena onse ankangoti a Ngolo, chifukwa cha ngolo yachitsulo imene ankakankha tsiku lonse, kuchoka kusitolo ya zipangizo kupita kumatebulo a anthu omanga mawilibala, n'kubwereranso. Dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba. Akazi awo akafuna kuwaseka ankati, "A Ngolo, imikani pompo, tiyi akuzizira." Iwo sankakhumudwa nazo. Ankati ngoloyo ndi imene inaphunzitsa ana awo sukulu, ndiye kutchulidwa nayo sichinali chipongwe.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa mawu apansipansi oti pofuna kumva umachita kusendera pafupi. Kuyenda kwawo kunali kosathamanga komanso kosaima. Anabadwa oyamba m'banja la ana ambiri, ndipo sukulu anaisiyira panjira atangodziwa kuwerenga ndi kulemba, bambo awo atavulala msana n'kulephera ntchito. Anasenzako matumba pamsika, anapondako matope pomanga nyumba za anthu, kenako anapeza ntchito yosesa pafakitale. Kapitawo wa nthawi imeneyo, amene anamwalira kalekale, anaona kuti mnyamata wosesayu sataya mabawuti. Akawapeza m'zinyalala ankawapukuta n'kuwaika m'zitini, akuluakulu paokha, ang'onoang'ono paokha. Tsiku lina kapitawoyo anamulanda tsache n'kumupatsa ngolo.

Akazi awo anawapeza pafupi ndi geti la fakitale. Mayiwo anali telala, ankasoka pakhonde la golosale ina, ndipo a Ngolo anapitako kukaikitsa chigamba pa ovololo. Anthu amati chaka chimenecho ovololo imeneyo inang'ambika kawirikawiri kuposa ya munthu wina aliyense, mpaka telalayo anafunsa ngati kuntchito kwawoko amaweta agalu olusa. Anakwatirana, anabereka ana, anakhazikika m'nyumba yaing'ono imene makina osokera anatenga theka la pabalaza.

Kwa zaka zambiri ntchito ya a Ngolo inali yokuwidwa. Munthu ankawakumbukira pokhapokha zinthu zikamuthera m'manja. Uku wina akuti, "Ngolo, mawashala!" uko wina akufuna manati, kumapeto wina akumenya nyundo patebulo kuti matayala atha. Iwo ankapita kwa amene wakuwa kwambiri, ena n'kutsala akunyinyirika. Kusitolo nakonso kunalibe mutu. Matayala ankaunjikana mpaka kudenga, ena kuuma n'kuyamba ming'alu, pomwe timanati tating'ono tomangira zogwirira tatha sabata yatha. Poopa kusowa, aliyense ankabisa zake. Katswiri pobisa anali wowotcherera zitsulo, bambo wamfupi wonenepa amene ankamutcha Mbaliwali, poti pakamwa pake pankathetheka mofanana ndi moto wa ntchito yake. M'kabati mwake munali mabawuti okwana kumangira mlatho, moti nsapato zake zinkagona panja. A Ngolo ankafika kunyumba makutu akulira, ndipo mwana akangoitana kuti "ababa" mokweza pang'ono, ankadzidzimuka n'kuyamba kuimirira.

Kenako kunabwera injiniya watsopano, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wamkazi, wovala nsapato za ntchito zomukulira. Masiku oyamba sanasinthe kalikonse. Ankangoyenda pambuyo pa ngolo, kumene a Ngolo akhotera nayenso akhotera, mpaka iwo anayamba kusowa mtendere.

"Mayi, kapena pali chimene ndalakwa?"

"Ayi bambo. Ndikufuna ndione kumene miyendo yanu imathera."

Atatha kuona, anaitana anthu onse pakati pa shedi. M'manja mwake munali timakhadi toyera tokutidwa ndi pulasitiki. Pakhadi lililonse panali dzina la chipangizo, chithunzi chake, kuchuluka kwake m'bokosi ndi tebulo limene chimapita.

"Kuyambira lero," anatero injiniya, "chinthu chilichonse patebulo panu chizikhala m'mabokosi awiri, lina kutsogolo, lina kumbuyo. Lakutsogolo likatha musakuwe. Chotsani khadi la pabokosilo, mulikoloweke pabolodi iyi, inu muzipitiriza ntchito ndi bokosi lakumbuyo. A Ngolo akamadutsa azitenga khadi, apite nalo kusitolo, abwere ndi bokosi lodzaza, khadi lake lili pomwepo. Kusitolo nakonso kukhala makhadi ake opita kwa ogula katundu. Popanda khadi palibe chotuluka m'sitolo, ndipo popanda khadi palibe chogulidwa."

Mbaliwali anatenga khadi limodzi n'kulitembenuzatembenuza. "Ndiye kapepala kameneka kali ndi pakamwa kuposa ine?"

"Sikakuposani," anayankha injiniya, "koma sikatopetsa."

Anthu anaseka, Mbaliwali nayenso anaseka, koma mabawuti ake sanabweze.

Poyamba zinavuta. Anthu ankaiwala kukoloweka makhadi, ena ankakoloweka kenako n'kukuwabe mwa chizolowezi. A Ngolo anali ndi njira yawo. Akapeza bokosi latha koma khadi likadali pomwepo, sankalankhula. Ankangoimika ngolo pambali, n'kumaliyang'ana bokosilo mwachisoni ngati munthu amene wabwera kudzazonda matenda, mpaka mwini tebulo achite manyazi akakoloweke yekha. Kwa Mbaliwali anapita nthawi yopuma.

"Achimwene, mabawuti anu aja akuchita dzimbiri m'kabati. Abwezeni akapitidwe mphepo. Tsiku limene mudzakoloweke khadi ine osabwera, mudzandilande ngoloyi mudzaiwotchere kudenga."

Mbaliwali anawabweza ndi ndowa, akung'ung'udza njira yonse kuti akamwalira ndi njala ya mabawuti mlandu udzakhala wa a Ngolo.

Patapita miyezi, m'shedi munatsala phokoso la makina lokha. Milu ya matayala kusitolo inaphwa, pansi panaoneka simenti imene achinyamata ena anali asanaionepo. Apa m'pamene anthu anadziwa kuti a Ngolo amaimba likhweru, ndipo amaimba bwino. Mwina ankaimba kuyambira kale, kungoti panalibe ankamva. Akazi awo anawasokera kathumba ka nsalu ya jinzi kokhala ndi zipinda, n'kukamangirira pachogwirira cha ngolo, kuti makhadi a tebulo lililonse azikhala paokha. Khadi likadetsedwa ndi girisi ankalipukuta ndi mkono wa ovololo. Likasowa ankagwada pansi pa matebulo mpaka alipeze. Kunyumba ankawakamba makhadiwo ngati ana a mnansi akhalidwe labwino, oti amapempha mwaulemu ndipo sanama.

Chaka chotsatira kunabwera oda yaikulu ya mawilibala. Ntchito inachuluka, ndipo zinkachitika kuti bokosi lakumbuyo nalo latsala pang'ono kutha a Ngolo asanamalize kuzungulira. Injiniya anaganiza zothandiza. Anachotsa makhadi oyera aja n'kubweretsa amitundu iwiri. Lobiriwira linkatanthauza kuti bweretsani mukamadutsanso, palibe changu. Lofiira linkatanthauza kuti bokosi lachiwiri nalo lili kumapeto, siyani zonse muthamange.

Pamsonkhano anakweza makhadi awiriwo m'mwamba, lina dzanja ili, lina dzanja ilo. Anthu onse anagwedeza mitu. A Ngolo nawonso anagwedeza mutu. Kwa iwo makhadi onse awiri ankaoneka ngati udzu wouma, kungoti lina linali lodera pang'ono, ndipo pansi pa magetsi a m'shedi ngakhale kudera kumeneko kunkathawa. Sanadabwe kwenikweni. Moyo wawo wonse ankadziwa kuti za mitundu sazitha, monga mmene ena sathera kuimba, ndipo ankaona ngati ndi nkhani ya amayi ndi matelala. Anadziuza kuti maso azolowera.

Maso sanazolowere. Kwa kanthawi anazemba vutolo posuzumira okha m'mabokosi akamadutsa, ndiponso poyang'ana nkhope za anthu, poti munthu amene wakoloweka lofiira sabisika. Koma patebulo lomalizira pankagwira mayi wina wofatsa womanga matayala, amene ngakhale masiku okuwa aja sankakuwa, ndipo nkhope yake inali imodzimodzi kaya zili bwino kaya zavuta. M'mawa wina mayiyu anakoloweka khadi lofiira la mabawuti a tayala. A Ngolo analitenga, analiika m'kathumba pamodzi ndi anzake, n'kupitiriza ulendo wawo akuimba likhweru. Mabawuti anatha. Mawilibala opanda matayala anayamba kudzaza kanjira, anthu a matebulo ena anasowa poika ntchito yawo n'kuima, ndipo kugeti lole yodzatenga katundu inali ikudikira.

Kapitawo wa masiku amenewo anali bambo wa chifuwa chachikulu ndi mtima wapachala. Anapisa m'kathumba ka a Ngolo n'kutulutsa khadi lija.

"Ichi n'chiyani? Lofiira ngati magazi, inu mukuyenda nalo ngati mukuperekeza mlendo."

A Ngolo analiyang'ana khadilo, anayang'ananso anzake amene anatsala m'kathumba, ndipo sanaone kusiyana kulikonse. Anapepesa n'kuthamangira kusitolo. Sabata isanathe zinachitikanso, ulendo uno mosemphana. Anathamanga mpaka thukuta ndi khadi lobiriwira, lofiira n'kulisiya pabolodi. Manong'onong'o anayamba. Ena ankati ndi ukalamba, ena ankati kapena ayamba kumwa, pomwe mowa sanaulawepo chibadwire. Kapitawo ananena pamalo oti iwo amve kuti tsache lija likadalipo. Likhweru linaleka. Kunyumba sananene kanthu, koma tiyi ankamusiya theka.

Injiniya anawaitanira mu kaofesi kake ka magalasi pakona pa shedi. Iwo analowa chipewa chili m'manja, atadzikonzekeretsa kale kuti tsache si imfa, poti anayambira pomwepo. Injiniya anawapatsa mpando, anatseka chitseko, n'kuyala makhadi angapo patebulo mosakaniza.

"Bambo, musandimve molakwa. Tandipatseni lofiira."

Dzanja la a Ngolo linayendayenda pamwamba pa makhadiwo ngati la munthu wosankha mazira pamsika. Anatola limodzi, lobiriwira. Injiniya analilandira n'kuliika pambali. Kenako anatulutsa foni, anasakasaka, n'kuwaonetsa chithunzi cha bwalo lodzaza timadontho tating'ono ndi tokulirapo.

"Mukuonamo nambala yanji?"

A Ngolo anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Atalankhula, mawu awo anali apansi kuposa masiku onse.

"Zimenezi ndinazionapo, mayi. Ndili mnyamata ndinakafunsira ntchito kunjanji. Kuthamanga ndinapambana, kunyamula ndinapambana, masamu a pabolodi ndinakhoza. Pomaliza bambo wina wa jasi loyera anatsegula buku la timadontho ngati timeneti, n'kuti werenga nambala. Anzanga onse ankawerenga. Ine ndinayang'ana mpaka misozi, nambala osaiona. Anangotseka buku n'kuitana wina."

"Sanakuuzeni chifukwa chake?"

"Ayi. Ine ndinkati ndi sukulu yochepa. Ndinkati pali kawerengedwe kena kamene anzanga anaphunzira m'makalasi amene ine sindinafike."

Injiniya anaika foni pansi. "Bambo, si sukulu. Ngakhale mphunzitsi wamkulu atabadwa ndi maso ngati anuwa, nambala imeneyi sangaione. Pali anthu, makamaka amuna, amene chofiira ndi chobiriwira amaziona mofanana. Ndi chibadwa, si matenda, sizikula ndipo sizipatsirana. Ine zimenezi ndinaphunzira, koma popanga makhadi ndinaziiwala. Wolakwa pano ndine."

"Ndiye kuti sikunali kupusa."

"Sikunali kupusa."

A Ngolo anasisita bondo lawo, akuyang'ana ngolo yawo kudzera pagalasi. Sankadziwa ngati aseke kapena alire, ndiye anangotsokomola. Injiniya anafunsa kuti nanga mawilibala ofiira ndi obiriwira a pafakitalepo ankawasiyanitsa bwanji zaka zonsezi. Iwo anati n'zosavuta, ofiira ali ndi zogwirira zakuda, obiriwira zachikasu. Nanga magetsi a pamsewu? Likayaka lapamwamba umaima, likayaka lapansi umawoloka. Poyankha mafunso amenewa m'pamene anaona kuti moyo wawo wonse unali wodzaza ndi tinjira tozembera, timene iwo ankayesa kuti ndi mmene aliyense amakhalira. Injiniya anawauza kuti apite akapume, zotsala aonana mawa.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamutu. Akazi awo anali pamakina, tepi ili m'khosi.

"Mwaweruka msanga. Kwagwanji?"

A Ngolo anakhala pampando wa makasitomala. "Amake mwana, kodi mukudziwa kuti ine chofiira ndi chobiriwira sindisiyanitsa?"

Mayiwo anadula ulusi ndi mano. "Ee. Ndiye kuntchito kwachitika chiyani?"

"Mwati ee?"

"Nanga nditi chiyani? Ndinadziwa tisanakwatirane. Ndinakutumani ulusi wofiira wa diresi la mwana wa eni golosale, inu munabwera ndi wobiriwira, mukumwetulira ngati mwagwira ntchito yaikulu. Ndinakausintha ndekha mawa lake. Munaona ndikukutumaninso ulusi kuchokera tsiku limenelo?"

"Ndinkayesa simufuna kunditopetsa."

"Nanga malaya ndi thalauza zimene ndimakuikirani pampando m'mawa uliwonse, mumati n'chifukwa chiyani?"

"Ndinkati ndi chikondi."

"Nachonso chinalipo. Koma kwambiri ndinkaopa kuti muzituluka ngati mbendera, anthu n'kumaloza kuti mwamuna wa telala ndi ameneyu."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ndinkaona ngati mumadziwa koma simufuna kukamba. Ndikanayambira pati?"

Pamenepo a Ngolo anafotokoza za makhadi, za lole yodikira kugeti, za tsache, kenako za kunjanji ndi buku la timadontho lija. Nkhani ya kunjanjiyi akazi awo anali asanaimvepo. Anachotsa phazi pamakina, anavula tepi m'khosi, n'kutembenuka thupi lonse.

"Zaka zonsezi mwasenza zimenezi nokha, ine ndili pano? Mumadziyesa wopusa, inu amene wailesi ya m'nyumba muno mumaikonza ndi mpeni? Bambo wa jasi loyera ameneyo pakamwa pake panali potseka ndi loko? Kunena mawu awiri okha kukanamuchotsera chiyani?"

Anamukalipira bambo wosadziwikayo kwa nthawi ndithu, ngakhale n'zachidziwikire kuti anafa kalekale. Kenako anapita kukatereka madzi, anabwera ndi tiyi wa shuga wochuluka kuposa amene adokotala analola, anamuika m'manja mwa amuna awo, ndipo dzanja lawo linatsalira paphewa.

"Komabe," anatero, "akanakulembani kunjanjiko, ovololo yanu mukanakasoketsa kwina."

Masana onsewo a Ngolo anakhala akuloza zinthu za m'nyumba mwawo momwe ngati mlendo. Makatani amene ankawayesa a khaki anali ofiira. Beseni losambira ana linali lobiriwira. Nsalu zonse zopachikidwa pachingwe anazifunsa imodziimodzi, akazi awo akuyankha uku akusoka.

"Nanga diresi limene munavala tsiku limene ndinakakuonetsani kwa mayi anga?"

"Lobiriwira."

"Linali lokongola."

"Munalionera kuti inu?"

"Mwiniwake ndinkamuona."

Mayiwo anati asiye zachibwana, ali ndi yunifolomu ya anthu yoti amalize, koma msoko umene ankasoka nthawi imeneyo anachita kuuphwasula.

Injiniya anali atanena kuti zimenezi zimayenda m'magazi, choncho a Ngolo anaimbira foni mng'ono wawo, wometa tsitsi mumzinda wina.

"Iwe, tomato wakupsa umamudziwa bwanji?"

"Ndimamufinya. Nanga pali njira ina?"

A Ngolo anaseka mpaka anapatsira foni akazi awo kuti afotokoze ndiwo. Mng'ono wawoyo anamvetsera zonse, kenako anati, "Alamu, auzeni achimwene kuti ine sizindikhudza. Tsitsi ndi lakuda kapena loyera basi."

M'mawa mwake injiniya anawafunsa kaye ngati angalole kuti anthu auzidwe. Iwo anati auzidwe, atopa kubisa chinthu chimene sankadziwa n'komwe kuti akubisa. Anthu atasonkhana, injiniya anafotokoza mwachidule, n'kunena poyera kuti vuto linali la makhadi ake osati la a Ngolo, ndipo akufuna maganizo. Amene ankanena za mowa aja ankayang'ana nsapato zawo.

Mbaliwali ndi amene anasuntha. Anatenga khadi lofiira, anapita nalo patebulo lake, anatenga sizasi yodulira malata n'kudula makona awiri apamwamba, khadilo n'kukhala losongoka ngati denga la nyumba.

"Losongoka ndi lachangu," anatero polipereka kwa a Ngolo. "Ili ngakhale mutatsinzina mulimva ndi chala."

Mayi wofatsa wa matayala uja, amene anthu ambiri anali asanamvepo mawu ake pamsonkhano, anawonjezera kuti osongokawo azikolowekedwa pamzere wawokha pamwamba pa bolodi, kuti azioneka munthu akadali patali. Injiniya anavomera zonse ziwiri. Pofika nthawi yopuma makhadi ofiira onse anali atadulidwa, ndipo timakona tapulasitiki tinali mbwee pansi. A Ngolo anatenga tsache n'kusesa okha, akumwetulira.

Kapitawo anawapeza kuseri kwa sitolo. Kupepesa sikunali ntchito imene ankaidziwa, ndiye anayamba ndi kufunsa za ana, kenako za mvula.

"A Ngolo, za tsache zija ndinalankhula ndi mkwiyo."

"Ndinamva kuti unali mkwiyo, bwana."

Mawa lake a Ngolo anapeza ngolo yawo ili ndi matayala atsopano, ndipo palibe anavomera kuti ndiye analamula.

Mbaliwali yekha ndiye sanawasiye. Kwa milungu ingapo chilichonse chimene wagwira ankachikweza m'mwamba, kaya ndi kapu, kaya ndi mpango, n'kufunsa kuti ichi n'chamtundu wanji. A Ngolo ankangoyankha zimene zabwera, mpaka tsiku lina anati, "Achimwene, mitundu sindiona, koma mimba yanuyo ndikuiona bwinobwino, ndipo ikukula." Mafunso anathera pomwepo. Patapita nthawi amuna ena a m'shedimo anauza injiniya, aliyense payekha ndiponso motsitsa mawu, kuti makhadi osongokawa ndi abwino kwambiri kuposa akale aja. Iye sanawafunse chifukwa chake.

A Ngolo anakankha ngolo zaka zina zingapo mpaka mawondo anayamba kukana. Injiniya anakwezedwa n'kusamukira kufakitale ina, koma akamadutsa ankapatuka kudzawapatsa moni, ndipo iwo anali atasiya kale kumutchula mayi, ankangoti mwana wanga. Woti alowe m'malo mwawo anamusankha okha, mtsikana wina wa kusitolo wa mapewa olimba amene sankataya khadi. Anayenda naye mpaka mtsikanayo anadziwa tebulo limene limadya mawashala msanga, ndiponso munthu amene amakoloweka losongoka pomwe bokosi likadali theka, chifukwa cha mantha chabe. Tsiku lotsanzikana anthu anawagulira wilibala yopangidwa pafakitale pomwepo, aliyense atamangapo kanthu ndi manja ake, ndipo anaikankha okha mumsewu mpaka kunyumba, katundu wawo wa m'kabati ali momwemo.

Kukhala pakhomo kunawakanika. Anakonza chitseko chimene sichinali chowonongeka, anasanja mabatani a akazi awo m'zitini mpaka eni ake anasowa poyambira, ndipo mayiwo anakadandaula kwa mwana wawo wamkazi kuti atengeko bambo akewa asanaphwasule makina. Mkamwini wawo ali ndi kashedi kokonzera njinga pafupi ndi msika, ndiye masiku ano a Ngolo amakhala kumeneko m'mawa. Sabata yoyamba yomwe anadula makatoni a sopo n'kupanga makhadi a zigamba, masipoko, mabuleki ndi guluu, chilichonse m'zitini ziwiri, n'kukhoma misomali pakhoma pokolowekapo.

Mkamwiniyo ndi munthu wabwino, amakonda mkazi wake ndipo njinga amaidziwa, koma khadi sakumbukira. Chitini chikatha amangochikankhira kumbali n'kutsegula chinzake, nacho chikatha amakanda mutu n'kuyang'ana apongozi ake mwaulemu. A Ngolo amapukusa mutu, amavala chipewa, n'kuyamba ulendo wa kusitolo ya zitsulo, kasitomala akudikira ndi njinga yake yophwa. Pobwera kunyumba nkhani imakhala yomweyo, kuti mwana uja lero waiwalanso, zigamba zinatha dzuwa lisanakwere.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi anatopa nazo n'kuuza mayi ake kuti akalankhula ndi mwamuna wake kuti asiye kuvutitsa nkhalamba.

"Usayerekeze," anatero mayiwo osadzutsa mutu pamakina. "Akayamba kukoloweka makhadi amenewo, bambo ako abwerera ku mabatani anga."